Bulangeti la Abasotho: ulemu ndi wawo, nanga phindu likupita kuti?

Mu Julayi, kumapiri a Mokhotlong kum'mawa kwa dziko la Lesotho, madzi akagona panja m'chidebe amapezeka m'mawa atauma gwa. Mnyamata woweta nkhosa amatuluka m'kanyumba kake ka miyala udzu wonse uli mbuu ndi chisanu. Kumapazi wavala majombo a mphira, kumutu chipewa choluka chophimba nkhope yonse kungosiya maso, ndipo thupi lonse lili m'bulangeti lotuwa lomangidwa paphewa ndi phini wamkulu. Masana bulangetilo ndi malaya ake, usiku ndi chofunda chake. Mvula ikamupeza kubusa sathamangira pogona, amangolikokera kumutu n'kupitiriza kuyang'anira ziweto.

Tsiku lomwelo mumzinda wa Maseru, nduna yopita ku mwambo wa boma, mayi wopita ku tchalitchi ndi mkwatibwi wopita kwa apongozi nawonso avala mabulangeti, koma awo ndi ochindikala, a mitundu yowala, ojambulidwa chimanga, nthenga kapena chisoti chachifumu. Mfumu Letsie III imaoneka italivala pa miyambo ikuluikulu ya dziko. Mlendo wolemekezeka akafika amavekedwa bulangeti paphewa, monga anachitira ndi Papa John Paul II atayendera dzikolo mu 1988.

Kuzizira kwa ku Lesotho si kwamasewera. Ndi dziko lokhalo padziko lapansi limene malo ake onse ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Malo ake otsika kwambiri ali pa mamita pafupifupi 1,400, kutanthauza kuti ngakhale chigwa chawo n'chokwera kuposa mzinda wa Lilongwe. Phiri la Thabana Ntlenyana limafika mamita 3,482, kuposa Sapitwa wa ku Mulanje amene amalekezera pa 3,002. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mapiri amakutidwa ndi chipale chofewa, misewu ina imatsekeka, ndipo zaka zina abusa amafera kubusa ndi ziweto zawo. Kumeneko chofunda chabwino chimapulumutsa moyo.

Koma bulangeti limeneli, limene dziko lonse lapansi limalidziwa kuti ndi la Abasotho, siliwombedwa ku Lesotho. Linayamba kuwombedwa ku England, ndipo lero limachokera ku fakitale ya ku Randfontein, kumadzulo kwa Johannesburg. Mfundo imeneyi imagawa anthu pawiri. Ena amati chinthu chobwera ndi azungu amalonda sichingakhale chikhalidwe cha munthu wakuda, n'chotsalira cha atsamunda basi. Ena amati zoti lawombedwa kuti zilibe ntchito, bola eni ake akulivala monyadira. Oyambawo akulakwitsa kotheratu. Achiwiriwo akunena zoona theka lokha, ndipo m'theka limene alisiyalo ndi mmene muli ndalama.

Mabulangeti asanabwere, Abasotho ankafunda zikopa. Mfumu inkavala cha kambuku, anthu wamba za nkhosa, ng'ombe ndi nyama zakutchire, zofufutidwa bwino n'kusokedwa pamodzi. Moshoeshoe I, amene anasonkhanitsa anthu othawa nkhondo n'kukhazikika nawo paphiri la Thaba Bosiu mu 1824, anakhala moyo wake wambiri atavala chikopa. Nkhani imene imasimbidwa ndi yakuti mu 1860 wamalonda wina dzina lake Howell anapatsa mfumuyi bulangeti la ubweya wa nkhosa ngati mphatso, ndipo italikoleka paphewa inalikonda kuposa chikopa chija. Zimene mfumu yavala, mafumu ang'onoang'ono amasirira, ndipo anthu awo amatsatira.

Komabe mphatso imodzi siingavule mtundu wonse chovala cha makolo. Zinthu zinali zitayamba kale kusintha. Nyama zakutchire zinali kutha chifukwa cha mfuti ndi kuchuluka kwa anthu. Nkhondo zolimbana ndi Mabunu a ku Free State, zimene zinayamba mu 1858 n'kubukanso mu 1865, zinalanda Abasotho malo aakulu achonde n'kuwakankhira kumapiri kozizira. Kenako ku Kimberley kutapezeka dayamondi, ndi golide ku Johannesburg mu 1886, Abasotho anayamba kugulitsa tirigu ndi mapira kumigodi, anyamata n'kumapita kukagwira ntchito, ndipo ndalama inalowa m'midzi. Chomaliza chinali mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest, umene unapulula makola cha m'ma 1897. Zikopa zinasowa nthawi yomweyo imene anthu anali ndi kogulira china.

Amalonda sanagone. Abale awiri, Donald ndi Douglas Fraser, anatsegula sitolo ku Liphiring mu 1877, ndipo kampani yawo inadzafalikira m'dziko lonselo. Mabulangeti oyamba kufika m'masitolo anali opyapyala, osachedwa kung'ambika. A Fraser anaona kuti ogula awo akufuna chinthu cholimba ndi chooneka bwino, choncho anagwirizana ndi fakitale ya Wormald & Walker ya ku Dewsbury, m'chigawo cha Yorkshire, kuti iziwombera Abasotho mabulangeti awoawo. Apa ndi pamene panabadwira mtundu wotchedwa Victoria England, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Dzina la Mfumukazi Victoria ya ku Britain linali ndi kulemera kwake. Mu 1868 Moshoeshoe anali atapempha chitetezo cha Britain kuti Mabunu asameze malo otsalawo, ndipo chitetezocho n'chimene chinachititsa kuti dzikoli lisalowe m'dziko la South Africa mu 1910, lisadzalamulidwe ndi boma la tsankho, mpaka linalandira ufulu pa 4 Okutobala 1966.

Amene amati bulangetili ndi la atsamunda amaiwala mmene malondawa ankayendera. Wamalonda ankabweretsa, koma wosankha anali Mosotho. Chithunzi chimene sichinawakomere anthu chinkatsala pashelefu mpaka fumbi, ndipo fakitale ya ku Yorkshire inkasiya kuchiwomba. Chimene chakomedwa chinkapatsidwa dzina la Chisotho, malo ake pa miyambo, ndi malamulo a kavalidwe. Umboni wake ndi kamzere kopyapyala kamene kamadutsa m'bulangeti lililonse la mtunduwu. Owomba okha amanena kuti kanayamba ngati cholakwika cha makina. Abasotho anakakonda, anakana mabulangeti opanda kamzereko, ndipo anakaikira lamulo: povala, mzere uyenera kuima chilili, kuchokera paphewa kutsika pansi. Kuugoneka chopingasa amati kumapinimbiritsa munthu, makamaka mwana, ndi kutsekereza chuma. Palibe mzungu wa ku Dewsbury amene anaganizapo zimenezo.

Zithunzi za m'mabulangeti zimasunga mbiri ya dzikolo. Kalonga wa ku Britain, Prince of Wales, atacheza ku Basutoland (dzina la Lesotho nthawi imeneyo) mu 1925, panatuluka bulangeti la nthenga zitatu za chizindikiro chake. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Abasotho oposa 20,000 anapita kunkhondo, ndipo otsala kumudzi anasonkha ndalama zogulira ndege zankhondo za Spitfire, mpaka gulu la nambala 72 la asilikali a m'mlengalenga a Britain linatchedwa dzina la Basutoland. Nkhondo itatha panabwera bulangeti la ndegezo ndi lina lotchedwa Badges of the Brave, lokhala ndi mabaji a magulu a asilikali. Mfumu George VI ya ku Britain itabwera mu 1947, chisoti chachifumu chinakhazikika pa mabulangeti. Lina, Kharetsa, lili ndi chomera cha mtundu wa aloe chozungulira ngati nkhono chimene chimamera m'mapiri a Lesotho mokha. Motlatsi linapangidwa polemekeza kubadwa kwa Kalonga Lerotholi mu 2007.

Pamwamba pa onse pali Seanamarena, limene linayamba ndi wamalonda wa ku Leribe, Charles Robertson. Poyamba linkavalidwa ndi mafumu ndi mabanja awo, ndipo mpaka lero ndi limene munthu amalakalaka atakhala nalo. Mtundu wake wotchuka, Poone, ndi wojambulidwa chimanga, chizindikiro cha kubereka ndi kulemera.

Moyo wa Mosotho umayenda ndi bulangeti kuyambira pobadwa. Khanda limafundikidwa m'bulangeti lake, ndipo mayi amaberekera mwana m'bulangeti. Mnyamata wopita kuchinamwali kumapiri amavala Moholobela, ndipo akatuluka amavekedwa Lekhokolo kuti mudzi wonse uone kuti wabwerako ali mwamuna. Mkwatibwi amafika kwa mwamuna atavala bulangeti, ndipo akabereka mwana woyamba mwamunayo amamugulira lina lotchedwa Serope. Pamaliro, bulangeti limaperekeza womwalirayo kumanda.

Kavalidwe kake kali ndi luso. Bulangetilo ndi la pafupifupi masentimita 155 m'lifupi ndi 165 m'litali, laling'ono poyerekeza ndi la pabedi, chifukwa analiyezera thupi la munthu woyenda. Wovala amayamba wapinda mbali ya kumtunda kuti ikhale ngati kolala yotchinga khosi. Mwamuna amalimanga paphewa lamanja, kuti dzanja lamanja likhale lomasuka kugwira ndodo kapena chingwe cha hatchi. Mkazi amalikoleka m'mapewa onse awiri n'kulimanga pachifuwa, kapena kulizunguliza m'chiuno akamagwira ntchito. Phini wake ndi wachitsulo, wamtali ngati chala, woti aboole nsalu yochindikala popanda kupindika. Munthu akakwera hatchi, bulangetilo limagwa bwino kumbuyo n'kuphimba mawondo, ndipo akatsika n'kukhala pansi limasanduka kanyumba kake.

Chikoka cha bulangetili sichili m'zithunzi zokha. Chili mu ubweya. Kaubweya kalikonse ka nkhosa n'kopotanapotana, ndipo tikawombedwa pamodzi timasiya timipata tambirimbiri momwe mpweya umatsekeredwa. Mpweya wotsekeredwawo ndi umene umasunga kutentha kwa thupi. Ubweya umathanso kumwa chinyezi chofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake usanayambe kumveka kunyowa, pamene kunja kwake kumakana madontho a mvula yowaza. N'chifukwa chake mbusa wonyowa ndi chifunga amakhalabe wofunda, pamene wovala thonje lonyowa amanjenjemera mpaka m'mafupa. Masana dzuwa likatentha, ubweyawo umatulutsa thukuta m'malo molisunga pakhungu.

Pali chinanso chimene aliyense wogona pafupi ndi moto ayenera kudziwa. Ubweya suyaka msanga. Khala likathethekera pa bulangeti la ubweya limasiya kabowo kakuda, fungo la tsitsi lopserera, kenako moto umazima wokha. Bulangeti la ulusi wa pulasitiki, umene pa chikalata amalemba kuti acrylic kapena polyester, limasungunuka n'kumatirira pakhungu. M'nyumba za udzu za kumapiri, momwe moto wa ndowe zouma umasonkhedwa pakati usiku wonse ana atagona mozungulira, kusiyana kumeneku si kwakung'ono. Mdani wa ubweya ndi njenjete ndi madzi otentha. Bulangeti lochapidwa m'madzi ozizira, loyanikidwa pamthunzi n'kusungidwa pouma limatha zaka makumi, ndipo ambiri amalandira la agogo awo likadali lolimba.

Seanamarena yeniyeni imakhala ndi ubweya pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi, otsalawo thonje. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo pamsika padzaza mabulangeti a zithunzi zomwezo koma a ulusi wa pulasitiki, ena opangidwa mwachilolezo kuti osauka akwanitse, ena akuba ochokera kunja. Palibe chifukwa chonyozera mayi amene wagula lotchipa kuti ana asagone ndi mphepo. Cholakwa chimakhalapo pamene wogulitsa abisa zimene zili mu nsaluyo, munthu n'kulipira mtengo wa ubweya atanyamula pulasitiki amene pakatha zaka ziwiri amakhala atatuwa ndi kupota timibulu.

Ndiye tibwerere kwa amene amati chinthu chakunja sichingakhale chikhalidwe. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mudzi wanzeru umalandira kalumoko n'kumetera ana ake. Hatchi imene Mosotho amakwera inabwera kuchokera kunja, chimanga chojambulidwa pa Poone chinachokera ku America, koma palibe anganene kuti si zawo. Amalawi akudziwa bwino nkhani imeneyi kudzera m'chitenje. Luso losindikiza nsalu yotere linachokera kutali, ndipo zitenje zambiri za pamsika zimachokera ku Tanzania, ku Zambia kapena ku China, koma mayi wopita kumaliro osamanga chitenje amaoneka ngati wasokonekera. Chimene chimapanga chovala kukhala cha mtundu ndi zimene anthu achiveka: malamulo, mayina, manyazi a kuchisowa, ndi zaka zimene chakhala pathupi pawo. Pa muyeso umenewo bulangeti lakhala la Abasotho kwa zaka zoposa 150.

Azigogo a ku Malawi amene anapita ku Joni pa Wenela anakumana nawo Abasotho m'makomboni a migodi, ndipo ankawazindikira patali ndi bulangeti. Iwonso pobwerera kumudzi sankaiwala kuika bulangeti lochindikala m'bokosi, pamodzi ndi suti ndi wailesi. Kumigodi komweko bulangeti linatenganso mbali yomvetsa chisoni. Magulu achiwawa otchedwa Marashea, amene anayamba m'zaka za m'ma 1940, ankadziwika ndi mabulangeti awo, ndipo masiku ano magulu olimbana a oyimba nyimbo za famo amasiyanitsidwa ndi mtundu wa bulangeti, mpaka anthu aphedwapo. Ngakhale zoipazi zikusonyeza kuzama kwa chovalachi. Anthu samenyerana chinthu chimene amachiona kuti n'cha eni.

Zaka zaposachedwa bulangetili latchuka kutali. Mu 2018 filimu ya Black Panther inaonetsa asilikali olondera malire a dziko lopeka la Wakanda atavala mabulangeti a Abasotho, ndipo Ruth E. Carter, amene anakonza zovala za filimuyo, analandira mphoto ya Oscar mu 2019. Chaka cha 2017 kampani ya zovala zodula ya ku France, Louis Vuitton, inali itatulutsa zovala zotengera mabulangetiwa n'kumazigulitsa pa mitengo imene Mosotho wamba sangaione ndi m'maloto, ndipo anthu ambiri ku Lesotho ndi ku South Africa anakwiya. Nayenso Thabo Makhetha, wokonza zovala wobadwira ku Lesotho, watchuka posoka majasi ndi zokoleka m'mapewa kuchokera ku mabulangeti enieniwo. Kutchuka kulipo ndithu. Funso ndi lakuti kukulowa m'thumba la ndani.

Mabulangeti enieni onse amawombedwa ndi kampani ya Aranda ku Randfontein. Inakhazikitsidwa mu 1953 ndi banja la Magni lochokera ku Italy, ndipo m'zaka za m'ma 1990 inatenga ufulu wopanga mitundu yotchukayi, kuphatikizapo Victoria England ndi Seanamarena. Kampaniyi iyenera kuyamikiridwa pa zina. Yasunga zithunzi zakale, yasunga ubwino wa nsalu, ndipo imanena kuti zithunzi zatsopano imazitulutsa mogwirizana ndi banja lachifumu la Lesotho. Koma malipiro a owomba, misonkho ya fakitale ndi luso loyendetsa makina zonse zili tsidya lina la malire. Mosotho amalowa m'nkhaniyi kawiri: kumayambiriro monga woweta nkhosa, ndi kumapeto monga wogula.

Kumayambiriro kumeneko n'kumene kumapweteka, chifukwa Lesotho ndi dziko la ubweya. Mapiri ake ali ndi nkhosa za mtundu wa Merino ndi mbuzi za Angora, ndipo pa ubweya wa mbuzi wotchedwa mohair ndi lachiwiri padziko lonse, kutsatira South Africa. Kwa mabanja masauzande ambiri a kumapiri, cheke cha ubweya ndi ndalama yaikulu ya chaka, ya fizi ya ana ndi ufa. Nyengo yometa ikafika, alimi amakusa ziweto kupita ku mashedi ometera. Wometa amakhazika nkhosa pakati pa miyendo yake n'kuivula ubweya wonse ndi sizasi yaikulu ya pamanja. Ubweyawo amauyala patebulo, kuchotsa m'mbali mwakuda, kuusankha potengera kutalika ndi kusalala kwake, kenako n'kuutsendera m'mabelo. Mabelowo amakwera malole kupita ku okushoni ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth, ndipo ambiri amakathera ku China. Amachoka osachapa, ali ndi mafuta ndi fumbi la kumapiri. Ntchito yonse yochapa, kupesa, kupota ulusi, kunyika mtundu ndi kuwomba imakalembetsa anthu a kwina.

Sikuti Abasotho sadziwa ntchito ya fakitale. Ku Maseru ndi ku Maputsoe kuli mafakitale amene akhala akusoka majinzi a makampani a ku America monga Levi's, pansi pa ndondomeko ya zamalonda ya AGOA, ndipo alemba anthu masauzande makumi, ambiri mwa iwo amayi. Koma msika umenewo ndi wobwereka. Mu Epulo 2025 boma la America linalengeza msonkho wa 50 peresenti pa katundu wa ku Lesotho, ndipo ngakhale unadzatsitsidwa kufika pa 15, maoda anali atayamba kale kuthawa, anthu n'kuchotsedwa ntchito. Dziko likusoka zovala za eni ndi thonje logula kunja, pamene chovala chake chenicheni, chokhala ndi ogula okhulupirika pakhomo pomwepo, likuchita kuitanitsa.

Wina anganene kuti boma lingoletsa kutumiza ubweya kunja, nkhani yatha. Njira imeneyo inayesedwa ndipo inawotcha alimi. Mu 2018 boma la Lesotho linaika malamulo okakamiza kuti ubweya wonse uzigulitsidwa kudzera pamalo amodzi ku Thaba Bosiu, m'malo mwa okushoni imene alimi anazolowera. Cholinga chonenedwa chinali chabwino, kuti phindu litsale m'dziko. Zotsatira zake, alimi ambiri anadikira malipiro awo miyezi yambirimbiri, ena analandira zochepa kuposa kale, ndipo mu 2019 anakhamukira ku Maseru atavala mabulangeti awo kukadandaula ku nyumba ya malamulo. Boma linafewetsa malamulowo. Phunziro lake ndi lakuti kutsekera mlimi kwa wogula mmodzi si kumanga mafakitale. Kumangosamutsa umphawi kuchoka pa pepala la boma kupita kukhola la mlimi.

Zovuta zenizeni ziliponso, ndipo woteteza bulangeti sayenera kuzibisa. Makina ochapira ubweya ndi odula, amafuna madzi ambiri ndi njira yotayira madzi oipa osaononga mitsinje. Dziko la anthu oposa pang'ono 2 miliyoni ndi msika waung'ono. Ubweya wosalala kwambiri wa Merino umagulidwa bwino ndi opanga masuti, kotero si wonse umene ungapindule kuulowetsa m'bulangeti. Ngakhale ku England komwe, tauni ya Witney, imene inatchuka ndi mabulangeti kwa zaka mazana, inatseka fakitale yake yomaliza mu 2002 itagonja kwa zofunda zotchipa. Koma madzi ndi amene Lesotho ili nawo ochuluka, mpaka imagulitsa ku South Africa kuchokera ku damu la Katse. Ndipo msika wa bulangetili sulekezera pamalire, chifukwa olankhula Chisotho a ku South Africa ndi ochuluka kuposa a ku Lesotho, osawerengera alendo ndi ogula a kunja kwa Africa.

Komanso phindu lalikulu la chovala chotere silikhala m'makina mokha, limakhala m'dzina. Ku Canada, kampani ya Hudson's Bay inakhala ikugulitsa mabulangeti a ubweya a mizere kuyambira cha m'ma 1780, poyamba posinthanitsa ndi zikopa kwa eni nthaka a kumeneko. Kampaniyo itagwa mu 2025 n'kutseka masitolo ake onse, kampani ina, Canadian Tire, inalipira madola a ku Canada 30 miliyoni kugula mayina ndi zizindikiro zake, kuphatikizapo mizere ya mabulangeti ija. Masitolo anafa, koma mizere inagulidwa. Ngati mizere ya ku Canada ili ndi mtengo wotere, dzina la mtundu wa anthu amoyo, limene lili pa bulangeti lililonse logulitsidwa ku Cape Town, London kapena New York, silingakhale laulere.

Chitsanzo cha njira yabwino chili pafupi. Mu 2019 alimi ndi makampani a tiyi wa rooibos ku South Africa anasainirana pangano ndi anthu a mitundu ya Khoi ndi San, lovomereza kuti nzeru ya chomeracho inachokera kwa iwo, ndipo anagwirizana kuwapatsa 1.5 peresenti ya mtengo umene mlimi amagulitsira. Mu 2021 dzina la rooibos linatetezedwa ku European Union, kotero kuti palibe angagulitse tiyi wa kwina pa dzinalo. Palibe fakitale imene inalandidwa, palibe mlimi amene anatsekeredwa msika. Anthu anangokhala pansi n'kulemba kuti mwini wa chiyani ndi ndani.

Bulangeti likufunika zokambirana zotere. Boma la Lesotho, banja lachifumu, bungwe la alimi a ubweya la Lesotho National Wool and Mohair Growers Association ndi kampani yowomba angathe kugwirizana kuti dzina la bulangeti la Abasotho litetezedwe mwalamulo, kuti bulangeti lililonse likhale ndi chikalata chonena kuchuluka kwa ubweya ndi kumene wachokera, ndiponso kuti pakhale mtundu umodzi wowombedwa ndi ubweya wa ku Lesotho wokhawokha, umene gawo la mtengo wake lizibwerera ku mashedi ometera. Ntchito zina zosafuna makina akuluakulu, monga kusoka m'mphepete, kulongedza ndi kusoka majasi, zingasamukire m'mafakitale a ku Maputsoe amene akusowa maoda. Ku Teyateyaneng kuli kale amayi opota ndi kuwomba mohair pamanja, ndipo luso lawo ndi poyambira pabwino. Makina ochapira angadzabwere pambuyo, alimi atakhala ndi gawo m'kampaniyo ndiponso ufulu wogulitsa kwina ngati mtengo sunawakomere.

Wogula nayenso ali ndi mbali yake, kaya ndi Mmalawi wokhala ku Johannesburg amene akufuna kutumizira amayi ake chofunda cha mu Juni, kaya mlendo woyenda m'misika ya Maseru. Atembenuze bulangeti awerenge chikalata, afunse kuchuluka kwa ubweya, ndipo akakhala ndi ndalama asankhe la ubweya weniweni kwa wogulitsa wodziwika, chifukwa lotero amagula kamodzi m'malo mogula la pulasitiki kasanu. Ogula akamafunsa kumene ubweya wachokera, makampani amayamba kulemba, ndipo zikalembedwa bungwe la alimi limakhala ndi pogwira likamakambirana za mtengo wa mabelo a nyengo yometa ikubwerayi.